Phunziro: Utawaleza

Kuno ku Malabwe, ku Zóbuè ndi ku Moatize timaona utawaleza m'dzinja. Makolo anautcha uta wa Leza. Ena amati umaletsa mvula, ndipo amadera nkhawa chimanga chawo.

Anthu a maiko ena nawonso ankafunsa za utawaleza. Ku Girisi, zaka zoposa 2,300 zapitazo, Aristóteles anaona kuti utawaleza umaoneka mbali yopenyana ndi dzuwa. Iye anati timadontho ta mumtambo timabweza kuwala. Anawerenga mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wapepo. Ku Roma, Seneca anati mtambo uli ngati kalilole.

Mu 1672 Isaac Newton wa ku England anafotokoza kuti kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri. Kuwalako kukalowa m'dontho la mvula kumapindika, ndipo mitunduyo imalekana.

Tsono utawaleza suletsa mvula. Umangosonyeza kuti kutsogolo kwathu kukugwa mvula, kumbuyo kukuwala dzuwa.

Yesani m'mawa: fulatirani dzuwa, mupemerere madzi m'mwamba. Mwaona mitundu ingati?

Mafunso
1. Kodi Aristóteles anawerenga mitundu ingati?
2. Tikamaona utawaleza, dzuwa limakhala kuti?