Mlandu Suwola: Phunziro la Nkhani za Chinsinsi

Ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze za mtundu wina wa nkhani umene ndakhala ndikuwerenga chaka chino. M'nkhani zimenezi mulibe mkango, mulibe mfiti, koma woziwerenga amakhala mtima uli m'mwamba mpaka belu la kokagona limpeza buku liri m'manja. Mwini nkhani amakhala munthu amene anachita choipa kale nachibisa, ndipo ife timangomtsata kuti tione tsiku limene chidzaululike.

Ine kwathu ndi ku Chembe, ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Nkhani yoyamba ya mtundu umenewu ndinaimva pakamwa pa agogo anga aakazi, usiku wina amuna atapita panyanja ku usipa. Ndiyo nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene a John Gwengwe anailembanso m'buku. Monga agogo anaikambira, anyamata awiri apachibale anapita kutali kukagwira ntchito. Sikusinja anasunga chuma chake, koma Gwenembe anamwaza chake. Pobwerera kumudzi Gwenembe anagwidwa ndi manyazi ndi nsanje, napha mbale wake m'thengo, natenga katundu yense. Panalibe munthu woona. Koma kambalame kena kanayamba kumtsata kakuimba za imfa ya Sikusinja. Iye anakapha, koma kanadzuka. Anakaphanso nakatentha, koma kanadzukabe, mpaka kanakaimba pamaso pa anthu a m'mudzi.

Ndiri mwana ndinkangoopa kambalameko. Tsopano ndikulingalira kuti Gwenembe analephera kukapha chifukwa kanali mumtima mwake momwe. Ndicho chimene timachitcha chikumbumtima. Nditayamba kuwerenga mabuku a Chingerezi ndinadabwa kupeza kuti olemba a maiko ena ali nako kambalame komweko.

Mu 1843 Edgar Allan Poe wa ku America anasindikiza kankhani kakafupi kotchedwa The Tell-Tale Heart. Wokamba nkhaniyo anapha nkhalamba imene ankakhala nayo m'nyumba, nabisa mtembo pansi pa matabwa a m'chipinda. Apolisi atatu atabwera, iye anawalandira bwino, nawapatsa mipando m'chipindamo, iye mwini nakhala pamwamba penipeni pa mtembowo. Apolisi sanaone cholakwa chiri chonse, anangokhala nkumacheza. Tsono munthu uja anayamba kumva kugunda kwa mtima wa wakufayo, kukukulirakulira, mpaka anafuula yekha kuti azule matabwawo. Palibe anamgwira, anadziulula yekha.

Nditawerenga mabuku angapo ndaona zinthu zitatu zimene olemba nkhani zotere amachita, ndipo ndifuna tiziphunzire.

Choyamba, wowerenga amauzidwa msanga za mlanduwo, kapena amayamba kuuganizira msanga. Apa ndipo pali kusiyana ndi nkhani za apolisi ofufuza, m'mene timafika kumapeto tisanadziwe wakupha. Fyodor Dostoevsky wa ku Russia anasindikiza Crime and Punishment mu 1866. Bukulo liri ndi zigawo 6, koma m'chigawo choyamba momwe timaona Raskolnikov, mnyamata wosauka amene analekeza maphunziro mumzinda wa St Petersburg, akupha ndi nkhwangwa mai wokalamba wokongoza ndalama pa chikole, pamodzi ndi m'bale wake wa maiyo. Zigawo zonse zotsala timangomuona akudwala, akulota zoopsa, akubwerera yekha kunyumba kumene anaphera anthuwo, akukwiyira mai ake ndi mlongo wake amene amamkonda. Funso limene limatigwira ndi lakuti, kodi adzapirira mpaka liti?

Chachiwiri, anthu ena amamchitira zabwino munthu wolakwayo, ndipo zabwinozo zimampweteka kuposa ndodo. Chitsanzo chimene chinandigwira mtima kopambana chiri m'buku la Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya, amene anamwalira mu 2025. Bukulo ndi A Grain of Wheat, la mu 1967. Nkhani yake ichitika m'mudzi wa Thabai, masiku owerengeka dziko la Kenya lisanalandire ufulu pa 12 December 1963. M'mudzimo muli munthu wofatsa, wosalankhula kwambiri, dzina lake Mugo. Anthu amamlemekeza chifukwa anapirira zikwapu m'ndende za Azungu osaulula kanthu, ndipo amampempha kuti pa tsiku la ufulu akalankhule zokumbukira Kihika, msilikali wa m'nkhalango amene Azungu anamupachika. Amai amamuimbira nyimbo zomtamanda. Sadziwa kuti amene anapereka Kihika kwa Azungu ndi Mugo yemweyo. Pamenepo anzake a Kihika ali kufunafuna wompereka, ndipo akuganizira munthu wina, Karanja. Ngati Mugo akhala chete, munthu wina afa chifukwa cha mlandu wa iye. Ngati alankhula, afa ndi iye. Pa tsikulo anaimirira pamaso pa khamu lonse nanena zoona.

Chachitatu, zakale zimabwerera kupyolera m'kanthu kooneka ndi maso. Akulu amati madzi saiwala khwawa. M'buku la Daphne du Maurier lotchedwa Rebecca, la mu 1938, mtsikana anakwatiwa ndi mwamuna wolemera amene mkazi wake woyamba anthu amati anamira m'nyanja. Mwamunayo safuna kumva dzina la wakufayo, ndipo mtsikana akuganiza kuti nchifukwa cha chikondi. Tsiku lina sitima inatsakamira pafupi ndi gombe, ndipo munthu wodziwa kumira, monga aja amamira ku chilumba cha Thumbi kukaona mbuna, anapeza boti la Rebecca pansi pa madzi, mtembo uli m'kati. Zotsatira zake sindinena, kuti mukawerenge nokha. Amene munaphunzira Macbeth mukumbukiranso mkazi uja woyenda ali m'tulo akusamba m'manja, chifukwa akuona magazi amene ena sakuwaona.

Tsono ena a ife timaganiza kuti nkhani zotere zimafuna nyumba zazikulu za ku Ulaya. Iai, kwathu komwe kuno ziripo. Tayesani kulemba iyi. Amuna awiri a ku Chembe apita pabwato usiku kuseri kwa chilumba cha Domwe. Mwera uuka, ndipo m'mawa abwera mmodzi. Iye anena kuti bwato linagubuduka, mnzake namira. Mudzi wonse umkhulupirira. Koma wowerenga adziwa kuti mnzakeyo anagwira m'mphepete mwa bwato akupempha thandizo, ndipo uyu, chifukwa cha mantha, anamkankha. Musalembe kuti munthuyo anavutika mtima kwambiri. Lembani zimene achita. Aleka kupita ku chilimira nayamba kusoka maukonde a anzake pamtunda. Popita kumsika azungulira njira yaitali kuti asadutse pakhomo pa namfedwa. Mwana wa malemu akadwala, iye ndiye woyamba kupereka ndalama ya ku chipatala ku Monkey Bay, ndipo namfedwa auza anthu kuti munthu wabwino ngati ameneyu sanamuone. Patapita zaka 10 mwana uja wakula, nabwera kudzapempha kuti amalume amphunzitse kupalasa bwato. Mukafika pamenepo wowerenga sangalitule pepala lanu.

Ndisanamalize ndiyenera kunena chifukwa chake nkhani zimenezi zimandikhudza chotere. Ndiri mu Folomu 2, madzulo ena ndinaswa galasi la zenera ndi mpira. Ndinathawa osaonedwa. Mnyamata wina wa Folomu 1 amene anapezeka pafupi ndiye anagwidwa. Anakumba dzenje la zinyalala masiku awiri, ndipo bambo ake analipira galasilo. Ine ndinakhala chete teremu yonse. Mnyamatayo ankagona m'chipinda chathu, ndipo m'mawa uli wonse ankandipatsa moni, amvekere, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Tsiku lina nditadwala malungo ananditengera nsima kuchokera kodyera. Nsima imeneyo sindinathe kuimeza. Patchuthi ndinkayanika usipa pathandala ndi mai, koma maganizo anali pa moni uja. Mai anandifunsa kawiri ngati ndikudwala.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita kwa aphunzitsi oyang'anira zogona ndi kunena zonse. Ndinatchetcha udzu sabata yathunthu, ndipo ndalama zimene ndinapeza pa usipa ndinabwezera bambo aja. Chovuta kuposa zonse chinali kupita kwa mnyamatayo. Nditapepesa, iye anandiyang'ana nati, "Ndinakuonani tsiku lomwelo, achimwene. Ndinkaopa kutchula wamkulu." Teremu yonse ndinkabisa chinthu kwa munthu amene ankachidziwa kale. Lero timapatsana moni, koma sindinganame kuti zonse zinabwerera mwakale.

Kotero anzanga, pamene muwerenga nkhani yotere, dzifunseni mafunso atatu. Kodi chinsinsi akuchidziwa ndani, nanga sakuchidziwa ndani? Kodi amene akulipira chifukwa cha kukhala chete kwa wolakwayo ndani? Nanga wolemba waika kanthu kotani kooneka, monga mbalame, boti, kapena moni wa m'mawa, koti kazikumbutsa za mlanduwo? Mukayankha mafunso amenewa mudzamvetsa bukulo, ndipo pa mayeso simudzasowa cholemba. Kankhani ka Poe nkamasamba ochepa, mungathe kukamaliza pa nthawi yowerenga ya madzulo amodzi. Yambani ndi kameneko, kenaka A Grain of Wheat, ndipo patchuthi mukapemphe agogo anu akuuzeni za Sikusinja monga amaikambira kwanuko.

Akulu anati mlandu suwola. Ngati wina mwa inu ali ndi kambalame kake kamene kakumtsata m'chipinda chogona, ndikumlangiza monga munthu amene anayesa kukhala chete teremu yathunthu: apite msanga kwa amene anamlakwira, mnzakeyo asanakumbe dzenje la mlandu umene si wake.

Wophunzira wa Folomu 4, wa ku Chembe