Dzuŵa ndi Maŵanga a Pakhungu

Mzinda wa Mzuzu uli pamapiri a Viphya, m'Chigawo cha Kumpoto. Mzindawu ndi wozizira ndipo umalandira mvula yambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumacha ndi nkhungu. Chifukwa cha kuzizirako, ena amaganiza kuti dzuŵa la ku Mzuzu silingawononge khungu ngati la ku Karonga. Maganizo ameneŵa ndi olakwa.

M'kuŵala kwa dzuŵa muli cheza china chimene maso sachiona. Chezachi chimapyola mitambo yopyapyala, ndipo chimakhala champhamvu pamalo okwera chifukwa mpweya wochitchinga umachepa. Mzuzu ndi malo okwera mamita oposa 1,200 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Motero munthu angathe kupsa khungu ngakhale akumva chisanu.

Khungu lili ndi chishango chake. Chishangocho ndi utoto wotchedwa melanini, umene umachititsa khungu kukhala lakuda. Dzuŵa likaomba, khungu limapanga utoto wambiri kuti lidziteteze. Utotowo ukaunjikana malo amodzi, pamabuka banga lakuda.

Maŵanga otere alipo amitundumitundu. Oyamba ndi timadontho ta pamphuno ndi m'masaya, timene timaoneka kwambiri kwa anthu oyererako. Achiŵiri ndi maŵanga a ukalamba, amene amatuluka pankhope ndi kuseri kwa manja a anthu amene akhala akugwira ntchito padzuŵa zaka zambiri. Achitatu ndi zigamba zakuda za pamphumi ndi m'masaya, zimene kaŵirikaŵiri zimadza kwa amayi oyembekezera. Achinayi ndi zipsera za ziphuphu ndi zilonda, zimene dzuŵa limazidetsa koposa. Maŵanga ameneŵa saŵaŵa ndipo sapatsirana.

Koma alipo maŵanga ena amene ndi chenjezo. Munthu amene amangodya nsima wopanda ndiwo zokwanira angadwale pelagra. Khungu la m'khosi, m'mikono ndi m'mapazi, mmene dzuŵa limafika, limada ndi kukakala, ndipo wodwalayo amatsekula m'mimba. M'chaka cha 1990 nthendayi inagwira anthu zikwizikwi amene anathaŵa nkhondo ku Mozambique ndi kudzakhala m'Malaŵi, pamene mtedza unasoŵa pa chakudya chimene ankalandira. Mtedza, nyemba, nyama ndi nsomba monga usipa zimateteza thupi ku nthendayi.

Amene dzuŵa limawazunza kwambiri ndi anthu achialubino. Iwo amabadwa ndi melanini wochepa zedi, choncho khungu lawo lilibe chishango. Dzuŵa limawatentha msanga, ndipo pankhope, m'makutu ndi m'khosi pamatuluka maŵanga ndi tinkhanambo tokakala. Tinkhanambo timeneti tikalekereredwa tingasanduke khansa ya pakhungu, nthenda imene imapha. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malaŵi munali anthu achialubino oposa 134,000. Chialubino si tsoka kapena matsenga. Munthu amachitengera kwa bambo ndi mayi ake. Mwana wachialubino ndi mwana monga ana onse, ndipo anzake ayenera kumuteteza. Dziko lonse lapansi limakumbukira anthu ameneŵa pa 13 Juni chaka chilichonse.

Kudziteteza ku dzuŵa sikovuta. Cheza chija chimakula mphamvu kuyambira 10 koloko m'maŵa kufikira 4 koloko madzulo. Pa nthaŵi imeneyi ndi bwino kukhala pamthunzi, kuvala chipeŵa chakhonde ndi malaya a manja aatali. Anthu achialubino ayeneranso kudzola mafuta oteteza ku dzuŵa tsiku lililonse, ngakhale kukhale mitambo. Mafuta oyeretsa khungu ogulidwa mwachisawawa ndi oopsa, pakuti amafooketsa khungu ndi kusiya maŵanga ovuta kuchotsa.

Banga limene likukula, kusintha maonekedwe, kutuluka magazi kapena kusanduka chilonda chosapola liyenera kuonedwa ndi achipatala msanga. Anthu a ku Mzuzu angayambe kuchipatala chaching'ono chimene ali nacho pafupi, ndipo ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ku Chipatala Chachikulu cha Mzuzu. Wobisa banga lotere akumbukire kuti mbeŵa yamanyazi inafera kuuna.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani munthu angapse khungu ku Mzuzu ngakhale kuli kozizira?
2. Kodi ntchito ya melanini ndi yotani?
3. Tchulani mitundu itatu ya maŵanga osaŵaŵa.
4. Ndi zakudya ziti zimene zimateteza ku pelagra?
5. Mungamuthandize bwanji mnzanu wachialubino pasukulu?
6. Kodi mwambi wakuti "mbeŵa yamanyazi inafera kuuna" ukutanthauzanji?

Ntchito
Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: cheza, chishango, kukakala, chenjezo, mwachisawawa.