Tsiku la Agogo ndi Mdzukulu

Phunziro 9

SABATA MADZULO

Werengani pa Phunziro la Sabata Ino: Rute 4:13-17, 2 Timoteo 1:3-5, 3:14, 15, Deuteronomo 4:9, 1 Mafumu 15:9-13, 1 Timoteo 5:3, 4.

Vesi Loloweza: 2 Timoteo 1:5.

Mfundo Yaikulu: Tsiku limodzi pa sabata limene agogo amakhala ndi mdzukulu wao ndi udindo wopatulika, ndipo mphamvu yake ili m'kukhulupirika kwa agogowo, sabata ndi sabata.

Ambiri a ife amene tinakulira kumudzi sitinapatsidwe tsiku loti tikaone agogo. Khomo lao linali pafupi ndi la amai athu, makamaka kumene kuli chikamwini. Tikalakwa tinkathawira komweko, atsikana ankagona kukuka, ndipo madzulo tinkavomera kuti “tili tonse” iwo akuyamba nthano. Lero mabanja ambiri a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka sakhala motero. Bambo ndi mai onse amalawirira ku ntchito kapena ku malonda, agogo amakhala dera lina la mzinda, ndipo kukumana kwao ndi mdzukulu kumachita kupanganidwa.

Tiyerekeze za mai wina wamasiye wa ku Ndirande. Lachitatu lililonse mwana wao wamkazi, popita kukapikula katundu ku Limbe, amawasiyira kamnyamata ka zaka ziwiri, nadzakatenga dzuwa litapendeka. Patsikulo agogo amakaphikira phala, amakasambitsa, amakabereka kumbuyo mpaka kagone. Palibe amene angatche zimenezi utumiki. Sabata ino tifunsa ngati Baibulo likugwirizana ndi maganizo amenewo.

TSIKU LOYAMBA

MLEZI WA OBEDI (Rute 4:13-17)

Kodi Naomi anadzitcha dzina lotani pobwerera ku Betelehemu, ndipo chifukwa chake chinali chiyani? Rute 1:19-21. Yerekezani ndi Rute 4:16.

Naomi anachoka kwao ali ndi mwamuna ndi ana aamuna awiri, nabwerako atawaika m'manda onse atatu m'dziko la Moabu. Anapempha akazi anzake kuti azimutcha Mara, ndiko kunena kuwawa. Buku limene layamba ndi maliro atatu likutha ndi mai yemweyo atafungatira khanda. Mlembi sanatiuze kuti chisoni cha Naomi chinatha. Mwana wobadwayo sanali Maloni kapena Kilioni. Chimene watiuza ndi chakuti manja ake anapezanso chogwira.

Mau a Chihebri amene anagwiritsidwa ntchito pa Naomi m'vesi 16 ndi omenet, kutanthauza mlezi. Amachokera ku tsinde limodzi ndi mau akuti Amen, amene timawatchula pomaliza pemphero lililonse. Tsinde limeneli limanena za chinthu cholimba, chochirikiza, chimene munthu angatsamirepo osagwa. Mose anagwiritsa ntchito mau omwewo podandaula kwa Yehova kuti sangathe kunyamula Israyeli yense monga mlezi anyamula khanda (Numeri 11:12). Chotero m'chilankhulo cha Chipangano Chakale kulera mwana ndi kukhulupirika ndi mau apachibale. Mlezi ndi munthu amene mwana amampeza pamene anamsiya.

Tizindikirenso kuti Naomi sanali agogo a Obedi mwa magazi. Rute anali mpongozi wake, mkazi wa malemu Maloni, ndipo Boazi anali wachibale wa mwamuna wake Elimeleki. Komabe akazi a m'mudzimo anamuwerengera Naomi mwanayo ngati wake. M'mipingo mwathu muli achikulire amene sanaberekepo, ndi ena amene adzukulu ao ali ku Johannesburg kapena ku London. Mulinso makolo achinyamata amene alibe wowathandiza mumzinda. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akale, ndipo buku la Rute silikutsutsa.

Obedi anabala Jese, Jese anabala Davide, ndipo mzere umenewu ukufika kwa Yesu (Mateyu 1:5, 6, 16). Naomi sanadziwe zimenezi. Iye ankangoona mwana wofunika kumsambitsa.

Kodi mumpingo mwanu muli mwana amene alibe agogo pafupi? Nanga muli wachikulire amene manja ake ali opanda kanthu?

LOLEMBA

CHIKHULUPIRIRO CHIMENE CHINAKHALA M'NYUMBA (2 Timoteo 1:3-5, 3:14, 15)

Kodi tikuphunzira chiyani za banja la Timoteo pa Machitidwe 16:1-3?

Paulo analemba kalata yachiwiri kwa Timoteo ali m'ndende ku Roma, imfa yake ikuyandikira. Munthu wotere sataya mau. Pokumbutsa Timoteo za maziko ake, anatchula akazi awiri: amai ake Yunike ndi agogo ake Loisi. Mau a Chigriki akuti mamme, kutanthauza agogo aakazi, amapezeka pano pokha m'Chipangano Chatsopano chonse.

Banjali silinali la chikhulupiriro chimodzi. Atate a Timoteo anali Mgriki, ndipo Timoteo anakula wosadulidwa, chimene chikutisonyeza kuti Loisi ndi Yunike sankachita zonse zimene akanafuna. Sitimva kuti anakangana ndi mwini nyumba kapena kuti anachita kanthu mobisa. Chimene anali nacho ufulu, ndicho kuphunzitsa mwanayo Malemba, anachichita. Pa 2 Timoteo 3:15 Paulo akugwiritsa ntchito mau akuti brephos, amene amanena za khanda, osati mnyamata wa sukulu. Maphunzirowo anayamba Timoteo asanathe kuwerenga.

Paulo akunena kuti chikhulupirirocho chinali chopanda chinyengo, ndiponso kuti chinakhala mwa Loisi monga munthu akhala m'nyumba. Mwana wa zaka ziwiri satsatira chiphunzitso, koma amaona. Amaona ngati agogo amatsinzina asanadye. Amamva mau amene amatuluka mbale ikasweka, ndi zimene zimanenedwa za oyandikana nao akangotuluka pakhomo. Tingathe kudzikonza kwa maola atatu a Sabata m'mawa, koma tsiku lathunthu ndi mwana wolira limaonetsa chimene chimakhaladi mwa ife.

Mdzukulu wanu atafunsidwa zaka makumi awiri zikubwerazi kuti agogo ake ankakonda chiyani, angayankhe bwanji?

LACHIWIRI

SABATA NDI SABATA (Deuteronomo 4:9, Eksodo 16:22-30)

Lamulo la kuphunzitsa silithera pa ana. Mose analifikitsa kwa ana a ana, monganso pa Eksodo 10:2. Ntchito ya kholo sitha pa tsiku la ukwati wa mwana wake.

Ena angati tsiku limodzi pa masiku asanu ndi awiri ndi lochepa kwambiri. Ife osunga Sabata tiyenera kukhala omalizira kunena motero. Yehova anaphunzitsa mtundu wa akapolo kumdalira mwa mana amene ankagwa masiku asanu ndi limodzi, naleka pa lachisanu ndi chiwiri, kwa zaka 40. Phunzirolo linalowa chifukwa linkabwera pa nthawi yake osaphonya. Agogo amene asunga tsiku lao kufikira mwana atakwanitsa zaka zisanu amakhala atapereka masiku 260. Nyimbo yake ingakhale imodzimodzi, nkhani ya Nowa yomweyo, pemphero lalifupi lomwelo asanagone masana. Wamkulu zimamtopetsa, mwana amazifuna zomwezo, ndipo mukasintha mau amodzi amakudzudzulani.

LACHITATU

PAMENE AGOGO NDI MAKOLO ASIYANA MAGANIZO (1 Mafumu 15:9-13)

Kodi mfumu Asa anachita chiyani ndi Maaka, ndipo chifukwa ninji? Yerekezani vesi 2 ndi vesi 10.

Chihebri cha m'Baibulo chilibe mau apadera otchulira agogo aakazi, chimangoti “mai.” Tikayerekeza mavesi awiriwa tiona kuti Maaka anali mai wa Abiyamu, atate a Asa, chotero anali agogo a Asa. Anali ndi udindo waukulu m'nyumba yachifumu, koma anapanga fano la Asera. Asa anamchotsa pa udindowo, nalikha fanolo, nalitentha ku mtsinje wa Kidroni. Baibulo silimatibisira kuti imvi pazokha si umboni wa choonadi.

Nkhani imeneyi si ya kutali. Alipo makolo amene anasiya mwana kwa agogo m'mawa, nampeza madzulo ali ndi mphinjiri m'khosi kapena kachingwe m'chiuno. Agogowo sanachite chifukwa cha udani. Anaikapo ana ao m'manda, ndipo mantha amenewo sanawachoke. Tiyenera kulankhula nao mwaulemu, monga 1 Timoteo 5:1, 2 akutilangiza, koma osabwerera m'mbuyo: mwana amene tinampereka kwa Ambuye pamaso pa mpingo sasowa chitetezo cha chithumwa. Liwombo likalowa m'kati mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi achepa m'thupi, ndipo chofunika ndi kumuyamwitsa, kummwetsa thanzi ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Kusiyana kwina sikukhudza mafano koma chidziwitso. Kuyambira 2001 bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, popanda madzi kapena phala. Agogo ambiri analera ana ao langizo limeneli lisanabwere, ndipo akauzidwa amamva ngati akunenedwa kuti analera molakwa. Si zimenezo ayi. Iwo anachita monga mwa kuunika kumene anali nako, monga ifenso tichita.

Koma tisaweruze mbali imodzi. Nthawi zambiri mkangano sukhala pa choonadi konse, umakhala pa switi, pa nthawi yogonera, pa foni imene mwana wapatsidwa kuti atonthole. Pa zotere Malemba akupereka udindo woyamba kwa makolo (Aefeso 6:4, Genesis 2:24). Agogo aamuna angathe kumseleula mdzukulu wao wamkazi kuti “mkazi wanga,” monga mwa chikhalidwe chathu, ndipo ubwenzi wotere ndi mphatso imene makolo sangapereke. Koma agogo akati kwa mwana, “Idya, usakawauze amai ako,” amphunzitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti lamulo la amai ake lilibe mphamvu, ndi kuti kubisa ndi chikondi. Switiyo idzaiwalika, phunzirolo ayi. Ngati agogo aona kuti makolo akulakwitsa, malo onenera ndi pakati pa akulu okhaokha, mwana atagona.

Werengani Tito 2:3-5. Kodi akazi achikulire akuuzidwa kuti aphunzitse ndani? Nanga zimenezi zikusiyana bwanji ndi kulanda udindo wa mai wa mwana?

LACHINAYI

NGONGOLE YA ANA NDI ADZUKULU (1 Timoteo 5:3, 4, 8, Miyambo 17:6)

Kufikira pano talankhula kwambiri kwa agogo. Lero tilankhule kwa ife makolo, pakuti ambiri a ife amene timalemba ndi kuphunzitsa maphunziro ano tili pa msinkhu wosiyira ena ana athu.

Kodi Paulo akuti ana ndi adzukulu a mkazi wamasiye ayambe aphunzira chiyani?

Dziko lathu likudziwa mtolo umene agogo angasenze. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, Edzi itatenga abambo ndi amai ambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'Malawi mu 2004, anali agogo amene anatsegula makomo ao. Analera ana amasiye masiku onse a sabata, ndi khasu m'manja. Ena a ife tinaleredwa motero. Popeza tinawaona akupirira, tinazolowera kuganiza kuti agogo satopa.

Amatopa. Mai wa ku Ndirande uja msana umawawawa akamabereka mwana wa makilogalamu khumi ndi awiri, koma sanena, kuopa kuti angaleke kumbweretsa. Pangano la tsiku limodzi limasanduka masiku atatu popanda wofunsa. Mwana amabwera chimanjamanja, ndipo ufa, sopo ndi makala zimachokera m'kathumba ka wamasiye. Lachitatu madzulo mwana wao akachedwa, agogo amalephera kupita ku mapemphero a pakati pa sabata. Paulo akutcha kubwezera makolo chipembedzo choyambira kunyumba, ndipo pa vesi 8 mau ake kwa wosasamalira a pabanja pake ndi owawa kwambiri. Lamulo lachisanu silinalembedwere ana aang'ono okha.

Miyambo 17:6 ikuyerekeza adzukulu ndi chisoti chaufumu cha okalamba. Chisoti chimavalidwa mokondwa. Agogo ali ndi ufulu wonena kuti sabata ino sangathe, ndipo ife tilandire mauwo osakwinya nkhope.

Ndi liti pamene munawafunsa makolo anu ngati tsikulo likuwakomerabe? Kodi munawapatsa mpata woyankha zoona?

LACHISANU

ZOONJEZERA: Werengani Genesis 48:8-16, 50:22, 23, Masalmo 71:17, 18, 78:5-7.

Yakobo anadalitsa Efraimu ndi Manase maso ake atachita khungu ndi ukalamba, ndipo Ahebri 11:21 akuwerengera dalitso limeneli pakati pa ntchito za chikhulupiriro. Agogo amene sangathenso kuthamangitsa mwana angathebe kumsanjika manja ndi kumtchula dzina pamaso pa Mulungu.

Moyo wa mwanayo nawonso waikizidwa kwa ife. Nyumba ya agogo inayalidwira munthu wamkulu. Mapilitsi a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga achoke pamphepete pa bedi, aikidwe pamwamba. Parafini asasungidwe m'botolo la chakumwa. Mbaula, mphika wa phala lotentha ndi ndowa ya madzi zisasiyidwe pamene mwana akukwawa. Mtedza wosasinja ungamtsamwe mwana wamng'ono, ndipo uchi sapatsidwa mwana wosakwana chaka.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Agogo ena amalandira adzukulu pa Sabata chifukwa makolo a anawo anasiya kupemphera. Kodi angabwere nao bwanji ku Sukulu ya Sabata ya ana popanda kunyoza makolowo pamaso pa ana? Nanga makolo akakana, agogo achite chiyani? Ganizirani za Loisi.

2. Mwapeza mphinjiri pa mwana wanu, ndipo amene ammanga ndi apongozi anu. Kodi woyenera kulankhula nao ndi ndani, mwamuna kapena mkazi, ndipo ayambe ndi mau otani?

3. Kalasi lanu litchule achikulire a mumpingo amene akulera adzukulu okha masiku onse. Ndani mwa inu angawatengere anawo tsiku limodzi sabata ikubwerayi?