Kuphunzitsa Ana a M'tauni za Nyanja

Mwana wobadwira ku Kawale kapena ku Area 25 akhoza kufika Sitandade 8 asanaonepo nyanja. Chimene amachidziwa ndi usipa wa m'mbale ndi chithunzi cha m'buku la kusukulu. Mphunzitsi akanena kuti nyanja iyenera kusamalidwa, mwanayo amagwedeza mutu, koma mumtima amati imeneyo ndi nkhani ya anthu a ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay. Phunziro la sabata ino lakonzedwera makolo, aphunzitsi a Tilitonse ndi alangizi a achinyamata m'miphakati, kuti akhale ndi poyambira pokambirana ndi ana otere.

Ulendo wa jumbo

Malo abwino oyambira ndi ngalande ya kuseri kwa nyumba. Mphunzitsi atenge jumbo imodzi, aikweze m'mwamba, afunse kuti: "Mvula yoyamba ikagwa, iyi ikathera kuti?" Ana ambiri amayankha kuti kumtsinje, yankho n'kuthera pomwepo. Apa mpamene mapu amagwira ntchito. Madzi a m'ngalande za mumzinda uno amatsikira mu Lingadzi ndi mu Lilongwe. Mtsinje wa Lilongwe, umene umachokera ku Dzalanyama, umakalowa mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira mu Nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Nyanjayi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, umene umayambira ku Mangochi, kudutsa mu Malombe, pa Liwonde, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutsikira ku Chikwawa ndi Nsanje mpaka kukakumana ndi Zambezi ku Mozambique. Zambezi naye amakathira mu Indian Ocean chakufupi ndi tauni ya Chinde.

Ana asauzidwe kuti jumbo iliyonse imakafika ku Chinde, chifukwa zimenezo si zoona. Zambiri zimakodwa m'mabango, zina zimakwiririka mumchenga. Koma pulasitiki saola ngati khoko la nthochi. Dzuwa ndi mafunde zimangomuphwanya kukhala tizidutswa tating'onoting'ono, ndipo timeneti nsomba zimameza pamodzi ndi chakudya. Kunyanja ya mchere akamba a m'madzi amameza majumbo poganiza kuti ndi chakudya chawo. Mwana amene anaonapo mbuzi ikutafuna jumbo padzala savutika kumvetsa zimenezi.

M'Chichewa mawu akuti nyanja amatchula zonse ziwiri, ya madzi akumwa ndi ya mchere, ndipo ndi bwino ana adziwe kusiyana kwake. Nyanja za mchere zimakuta pafupifupi magawo 71 pa 100 aliwonse a dziko lapansi. Malawi alibe gombe pa nyanja zimenezi, komabe mafuta a galimoto ndi feteleza zimafika kuno zitatsika m'sitima pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Anamondwe nawonso amabadwira komweko, ndipo mphamvu zawo amazitenga m'madzi ofunda a pamwamba pa nyanja. Idai wa mu 2019 ndi Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagwetsa matope a m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, onse anachokera ku Indian Ocean.

Chambo ndi ana ake

Gawo limene ana amalikonda kwambiri ndi la chambo, ndipo mphunzitsi asalithamangire. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, yoposa 700, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake malo osungirako zachilengedwe a ku Cape Maclear, amene anakhazikitsidwa mu 1980, bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

Nthawi yoswana ikafika, chambo chachimuna chimakonza chisa chonga mbale pamchenga wa pansi pa madzi. Chachikazi chimaikira mazira, kenaka n'kuwatola onse ndi kukamwa. Mazirawo amaswera m'kamwa momwemo, ndipo mayiyo amakhala masabata angapo osadya mokwanira. Tiana tikayamba kusambira, amatitengera kumadzi osaya a m'mbali mwa gombe, ndipo chikabwera choopsa timathawira m'kamwa mwa mayi. Ana akamva zimenezi amaseka, ena amafufumitsa masaya kuyesezera. Kenaka afunsidwe: khoka likakokedwa pagombe nthawi imeneyi, n'kugwira mayi mmodzi, zafa nsomba zingati?

Yankho la funso limeneli ndilo chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka pa Nyanja ya Malawi m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, komanso limaletsa maukonde a maso ang'onoang'ono. Zimene zimachitika lamuloli likaponderezedwa zinaoneka kale pa Malombe, pomwe chambo chinali chambiri koma chinasowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Makomiti a m'magombe otchedwa BVC anayambira komweko mu 1993, madzi atafika kale m'khosi. Mu 2018 bungwe la IUCN linalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pangozi yaikulu yotheratu.

Phunziroli limalowa bwino ana akagwira ndi manja. Mphunzitsi athire madzi m'beseni, aikemo miyala isanu kuimira chambo chachikulu ndi nyemba zodzaza dzanja kuimira tiana. Mwana mmodzi akokole ndi kachidutswa ka ukonde wa maso aakulu, monga wa pagolo la mpira utapindidwa kawiri. Wina akokole ndi chidutswa cha neti yakutha ya udzudzu. Woyamba atulutsa miyala, nyemba zambiri n'kutsala m'madzi. Wachiwiri atulutsa zonse, m'beseni n'kutsala madzi okha. Mphunzitsi safunika kuwonjezerapo zambiri.

Chitsanzo cha ku Mbenje

Ana asatuluke m'kalasi akuganiza kuti kusamala nyanja ndi nzeru yobwera ndi azungu. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la Senior Chief Makanjira ku Salima, mafumu akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nthawi ya dzinja asodzi onse amachoka pachilumbapo, ndipo amabwerera mu Epulo pamwambo wotsegulira. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pamenepo, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenje umadziwika ndi kukula kwake, ndipo asodzi amachokera kutali kudzapempha malo. Achinyamata a ku sekondale akhoza kukambirana funso lovutirapo: bwanji lamulo la mfumu likumveka pa Mbenje pamene lamulo lofanana nalo la boma limaphwanyidwa m'magombe ambiri?

Mbali ya anthu a m'tauni

Pali msampha umene aphunzitsi ayenera kuupewa, wosandutsa msodzi kukhala mdani m'maso mwa ana. Bambo amene amakoka neti ya udzudzu pagombe nthawi zambiri alibe munda wokwanira, alibe ndalama yogulira ukonde wovomerezeka, ndipo kunyumba ana akudikira. Komanso sakanagwira kasawala, tiana ta chambo tija, pakanapanda womugula. Ogulawo ambiri ali m'tauni. Nawonso sagula chifukwa cha nkhanza. Chambo chachikulu chinakwera mtengo moti mabanja ambiri amachiona pa Khirisimasi pokha, ndipo kamulu ka tinsomba touma ndiko kamakwana m'thumba. Apatu pali nkhani yolemera, ndipo ana aakulu akhoza kuuzidwa mosabisa kuti yankho lake si lapafupi.

Chimene banja lingathe ndi kuphunzira kusiyanitsa. Usipa ndi nsomba yaing'ono mwachibadwa, imakula ndi kuswana msanga. Kasawala ndi chambo chimene sichinapatsidwe mpata wokula. Mwana wopita kumsika ndi amayi ake aphunzitsidwe kufunsa mwaulemu: "Amayi, kodi tinsombati ndi ta mtundu wanji, tachokera gombe liti?" Ogulitsa ambiri amadziwa bwino ndipo amayankha. Pomwe pali usipa, utaka kapena chambo choweta m'maiwe, banja likhoza kusiya kasawala pamalo pake.

Za majumbo lamulo lilipo kale. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsochi mu 2019, ngakhale majumbowo akupezekabe m'misika. Mwana wotumidwa tomato atapatsidwa dengu kapena kachikwama ka nsalu amaphunzira zambiri kuposa womva chiphunzitso koma n'kuona akuluakulu akutaya mabotolo pawindo la minibasi. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatchula mwachindunji kuwonongeka kwa nyanja ndi usodzi wosasankha, ndipo alangizi a achinyamata angachite bwino kuwerenga ndime 40 ndi 41 asanakumane ndi gulu lawo.

Pa 8 Juni chaka chilichonse maiko amakumbukira tsiku la nyanja za mchere. Miphakati imene ingathe kusonkha ya basi ikhoza kutengera ana ku Senga Bay chakufupi ndi tsikuli, akaone makoka, akacheze ndi asodzi. Imene singathe, mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe ndi wokwanira: ana aime pamenepo mphindi khumi, aliyense ndi kope, alembe chilichonse chimene madzi anyamula. Aphunzitsi a Tilitonse amene akufuna kuyesa phunziro la m'beseni Lamulungu likudzali akumbukire kubweretsa beseni, nyemba ndi neti yakutha, osati imene ana akugonamo.