Magemu Aulere Amene Amadya Ndalama

Zikomo achimwene amene mwatilembera kuchokera ku London. Mukuti ntchito yopanga magemu aulere a pafoni ikukusowetsani tulo, chifukwa mabwana amakuuzani kuti muziumitsa gemu dala mpaka wosewera atope n'kulipira. Mtima wanu sukunama ayi. Ndalama zambiri m'magemu amenewa zimachokera kwa anthu ochepa olephera kudziletsa, enanso ndi ana. Mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti mabokosi a m'magemu ogula osadziwa zam'kati ndi juga. Mu 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a gemu ya Fortnite, inavomera kubweza madola 245 miliyoni kwa anthu amene inawagulitsa zinthu mowapusitsa.

Musasiye ntchito mwaphuma, kumudzi akudalira inu. Koma yambani kufunafuna kampani yogulitsa gemu pamtengo woonekeratu. Mudzatilemberenso, achimwene.