Mpongozi wanga akuti ndi "pagan": kodi akakhale kuti?

Wowulutsa: Lero tili ndi mphunzitsi wa za zipembedzo amene anakhalako ku Britain. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Mwana wanga amasamalira okalamba ku Luton. Anakwatira mzungu, mwana waulemu ndithu, koma sapita kutchalitchi, akuti ndi pagan. Tsopano akufuna asamukire ku Glastonbury kumene kuli anzake a chipembedzocho. Ine tulo sindikutiona. Kodi si ufiti umenewu? Nanga mwana wangayo akamulandira?" Aphunzitsi, athandizeni mayiwa.

Mphunzitsi: Mayi, mtima m'malo. Kwathu kuno mawu oti wachikunja ndi onyoza, timanenera munthu wosapemphera. Ku Britain anthu amadzitcha okha dzinali, ndipo amapemphera ndithu. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu 74,000 analemba kuti ndi a pagan, ena 13,000 analemba Wicca. Alipo a Druid, alipo olemekeza milungu yakale ya kumpoto kwa Ulaya monga Odin ndi Thor. Ambiri amasunga zikondwerero zisanu ndi zitatu pachaka motsata nyengo ndi kayendedwe ka dzuwa.

Pamene pamavuta ndi pa a Wicca, chifukwa amadzitcha ndi dzina limene tikalitembenuza limatuluka kuti mfiti. Koma si ufiti wathu uja wokwera lichero usiku n'kumakatamba pakhomo pa mnzako. Ine ndinakaonererako mwambo wawo wina. Anthu osakwana 20 anaima mozungulira kuthengo, kukuzizira koopsa, anayatsa kandulo, anathira chakumwa pansi, n'kugawana buledi. Ndinakumbuka agogo anga akuthira ufa patsinde pa mpoza.

Tsono za Glastonbury. Ndi tawuni yaing'ono ya ku Somerset, ya anthu pafupifupi 9,000. Kuli kaphiri kotchedwa Tor, pamwamba pake pali nsanja yotsala ya tchalitchi chakale. M'munsi muli kasupe wa Chalice Well, wa madzi ofiirira chifukwa cha chitsulo cha m'nthaka. Kuli ngakhale kachisi wa mulungu wamkazi. Mpongozi wanuyo palibe angamucheukire kumeneko. Koma masitolo a zofukiza ndi timiyala tonyezimira amene ali mbwee mumsewu waukulu amadikira alendo odzaona malo, sitolo siidzakuzonda ukadwala. Sitima siifikako. Anthu akuda ndi owerengeka, ufa wa nsima mwana wanu azichita kuwutsatira kutali.

Akanandifunsa ine, ndikanati ayambe aona Bristol. Ndi mzinda waukulu, uli ndi anthu ambiri ochokera ku Africa ndi ku Caribbean, ntchito zosamalira okalamba ziliko, ndipo kuchoka kumeneko kufika ku Glastonbury sipakwana makilomita 50. Mkazi azikwera basi kukakumana ndi anzake, mwamuna asasowe wolankhula naye. Chenjezo limodzi: pakati pa otsata milungu ya kumpoto ija pali timagulu tina tosankha mtundu. Ambiri amadana nazo zimenezo, komabe mwana wanu apite nawo tsiku loyamba, aone momwe amupatsire moni.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya namwino wina amene ali ku Manchester. Akuti anasiya tchalitchi n'kukhala pagan, akufuna kudziwa momwe angapezere anzake, komanso ngati mwini nyumba angamukanize lendi chifukwa cha chikhulupiriro chake.

Mphunzitsi: Chemwali, musafulumire kumanga katundu. Kuli bungwe la Pagan Federation, linayamba mu 1971, ndipo lili ndi nthambi m'madera. Kudzera kumeneko mupeza misonkhano imene eni ake amaitcha moot, kawirikawiri kamodzi pamwezi, m'chipinda chapambali pamalo omwera kapena odyera. Pitani katatu, kanayi. Muone ngati nkhope zake ndi zomwezo, ngati wina wakumbukira dzina lanu, ngati afunsa za mnzawo amene sanabwere. Chikondwerero chimanamiza. Ku Stonehenge mu June kumasonkhana chinamtindi cha anthu kudikira dzuwa kutuluka, ku Edinburgh pa 30 April amayatsa moto paphiri la Calton Hill, koma kukacha aliyense wabwerera kwawo.

Za lendi, lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kukaniza munthu nyumba chifukwa cha chipembedzo. Koma pali kampata: ngati mwini nyumbayo akhala momwemo, mukugwiritsa khitchini imodzi, akhoza kusankha wokhala naye. Choncho ngati mukufuna kaguwa kanu ka makandulo popanda wokulondalonda, funani nyumba yanokha. Ndipo ngati ukwati uli m'maganizo, dziwani kuti ku Scotland mtsogoleri wa chipembedzochi amamangitsa ukwati wovomerezeka ndi boma, pomwe ku England ambiri amayamba akalembetsa kuofesi.

Wowulutsa: Yomaliza ndi yaifupi, ya bambo wochokera ku Dedza amene akukhala ku Blantyre. Akuti alandilodi anawauza asamuke atamva kuti ndi olowa gule.

Mphunzitsi: Pepani bambo. Tikuseka azungu, koma ifenso tili nazo. Gule wamkulu yemweyo bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, timamuvinira alendo, koma womuvinayo tikumukaniza chipinda. Gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu wa chipembedzo kwa aliyense, wa makolo yemwe. Ngati lendi mumalipira bwino, sungani malisiti, kaonaneni ndi amfumu a m'dera lanulo, zikakanika pitani ku bungwe loona za ufulu wa anthu. Pofuna nyumba ina, yambani mwafunsa anzanu akumudzi amene anakhazikika kale m'tawunimo, ndiwo akudziwa khomo limene simukafunsidwa za mpingo.

Wowulutsa: Nthawi yatithera. Mayi a ku Ndirande, muimbireni foni mpongozi wanuyo, mumufunse yekha zimene amapembedza, kenaka mutilembere zimene wakuyankhani.