Kuona Nyumba Isanamangidwe: Phunziro Loyamba la Zithunzi za Pakompyuta Zooneka Ngati Zenizeni

Pa misonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, mmisiri akatambasula pulani ya mdadada wa sukulu kapena shedi ya msika, anthu ambiri amangovomera ndi mutu. Mizere ndi manambala a papepala amamveka kwa amene anaphunzira zomangamanga, koma mayi wogulitsa tomato sangadziwe kuchokera pamenepo ngati dzuwa la masana lidzamuwomba pa benchi lake. Amadzazindikira nyumba itatha, ndalama zitapita kale. Masiku ano pali mapulogalamu a pakompyuta amene amasandutsa pulani yotere kukhala chithunzi chooneka ngati chojambulidwa ndi kamera, chosonyeza malata, njerwa, mawindo ndi mithunzi, maziko asanakumbidwe n'komwe. Ntchitoyi pa Chingerezi imatchedwa rendering. Phunziro lino likufotokoza mmene wachinyamata wa m'wodi muno angayambire luso limeneli, ndiponso kompyuta yoyenerera ntchitoyi, kuti asataye ndalama pa zipangizo zimene sizikufunika.

Mmene chithunzi chimapangidwira

Ntchitoyi ili ndi magawo atatu. Gawo loyamba ndi kuumba: wojambula amamanga nyumbayo m'kompyuta, khoma lililonse ndi utali, mulifupi ndi msinkhu wake weniweni. Gawo lachiwiri ndi kuveka: amauza pulogalamu kuti apa pali njerwa zootcha, apa pali simenti yosalala, apa pali galasi, ndipo apa pali malata onyezimira. Gawo lachitatu ndi kuika dzuwa, thambo ndi kamera pamalo oyenera.

Zikatha izi, kompyuta imayamba masamu ake. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo chithunzi cha mapikiselo 1,920 m'mbali ndi 1,080 chokwera chimakhala ndi timadontho 2,073,600. Pa kadontho kalikonse, pulogalamu imatsata njira imene kuwala kwadutsa: kuchoka pa dzuwa, kugunda pansi, kunjanja kufika pa khoma, mpaka kulowa m'kamera. Imabwereza zimenezi kambirimbiri pa kadontho kamodzimodziko. Ikabwereza pang'ono, chithunzi chimaoneka ngati chawazidwa mchenga. Ikabwereza kwambiri, chithunzi chimayera koma chimatenga nthawi yaitali. N'chifukwa chake ntchitoyi imalemera pa kompyuta kuposa kulemba makalata kapena kuonera mafilimu.

Pulogalamu yoyambira

Pali mapulogalamu angapo odziwika pa ntchitoyi, monga V-Ray, Lumion ndi Twinmotion, koma ambiri mwa iwo amafuna malipiro a ndalama zakunja. Woyamba kumene angachite bwino kuyamba ndi Blender, imene ndi yaulere ndipo malamulo ake amalola munthu kuigwiritsa ntchito ngakhale pa bizinesi. Pulogalamuyi anaiyambitsa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands. Mu 2002, anthu oikonda anasonkha ndalama zoposa mayuro 100,000 kuti aiwombole ikhale ya aliyense, ndipo kuyambira pamenepo imayang'aniridwa ndi bungwe la Blender Foundation la ku Amsterdam. Kukhala kwake yaulere sikutanthauza kuti ndi yachibwana: filimu yotchedwa Flow, ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia, inapangidwa ndi Blender ndipo inapata mphoto ya Oscar mu 2025.

M'kati mwa Blender muli zida ziwiri zazikulu zotulutsira zithunzi. Cycles, imene inabwera mu 2011, ndi imene imatsata kuwala mwatsatanetsatane, ndipo imatulutsa zithunzi zofanana kwambiri ndi za kamera. EEVEE, imene inabwera mu 2019, imachita masamu achidule, motero imatulutsa chithunzi mwamsanga ngakhale kuti kuwala kwake sikulondola kwenikweni. Wophunzira wanzeru amagwiritsa ntchito EEVEE pamene akuyesa mitundu ndi malo a kamera, kenaka n'kutembenukira ku Cycles akafuna chithunzi chomaliza. Ubwino wina ndi wakuti Blender safuna intaneti ikangolowa m'kompyuta. Munthu mmodzi akaikopera, anzake onse akhoza kuitenga kudzera pa fulashi osagulanso bandulo.

Kompyuta yoyenerera

Zinthu zinayi ndi zimene wogula ayenera kufunsa. Choyamba ndi purosesa, kapena kuti CPU. Eni ake a Blender amanena kuti yochepetsetsa ikhale ya makoo 4, ndipo yabwino ikhale ya makoo 8. Chachiwiri ndi RAM, malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo. Ya 8 GB ndi yoyambira chabe, ya 16 GB imakwanira nyumba imodzi ndi bwalo lake, ndipo ya 32 GB ndi imene imayamikiridwa pa ntchito zazikulu. Chachitatu ndi diski. Ya mtundu wa SSD siifulumizitsa masamu a kuwala, koma imatsegula mafayilo mwamsanga kuposa diski yakale yozungulira.

Chachinayi, chimenenso ndi chodula kwambiri, ndi khadi la zithunzi lotchedwa GPU. Khadili limatha kuwerengera timadontho tambirimbiri nthawi imodzi, motero chithunzi chimene purosesa ingachedwe nacho, khadi labwino limachimaliza m'kanthawi kochepa. Makhadi a NVIDIA a mtundu wa RTX, amene anayamba kugulitsidwa mu 2018, ali ndi tizigawo topangidwira kutsata kuwala, ndipo Cycles imagwira nawo bwino ntchito. Makhadi atsopano a AMD ndi Intel nawonso amatheka. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi kukula kwa malo osungira zinthu a m'khadimo, otchedwa VRAM, chifukwa nyumba yonse ndi zovekera zake ziyenera kukwanamo. Khadi la 8 GB ndi poyambira pabwino, ndipo RTX 3060 ya 12 GB ndi chitsanzo cha khadi lapakatikati lokwanira ntchito za nyumba zing'onozing'ono.

Komabe woyamba asathamangire kugula. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya RAM ya 8 GB kapena 16 GB, ndi yokwanira kuphunzirira kuumba ndi kuveka, zimene zimatenga miyezi ingapo munthu asanazizolowere. Cycles imatha kugwira ntchito ndi purosesa yokha, ndipo muli chida chotchedwa Denoise chimene chimasesa mchenga uja, kotero kuti chithunzi chimayera msanga ngakhale pa kompyuta yofooka. Khadi lodula ligulidwe pamene ntchito zolipidwa zayamba kubwera. Chofunikanso ndi mbewa ya kompyuta ya mabatani atatu, chifukwa Blender imadalira batani lapakati pozungulira nyumba.

Magetsi, kutentha ndi fumbi

Magetsi akathima chithunzi chili m'kati, masamu onse amatayika ndipo ntchitoyo imayambiranso. Apa laputopu ili ndi mwayi chifukwa cha batire lake, pamene kompyuta ya patebulo imafuna UPS ndi chotetezera ku mphamvu ya magetsi yobwera modzidzimutsa. Komano kompyuta ya patebulo imazizira bwino, ndipo mwini wake angathe kusintha khadi kapena kuwonjezera RAM m'tsogolo. Fumbi la m'chilimwe limatseka mafani, ndipo kompyuta ikatentha kwambiri imachepetsa yokha liwiro. Iyenera kuikidwa pamalo olimba odutsa mphepo, osati pa mphasa kapena pa bulangeti, ndipo fumbi lizichotsedwa kawirikawiri.

Ntchito yoyamba ya wophunzira

Wophunzira ayambe ndi chinthu chimene angathe kuchiyeza ndi tepi, monga chipinda chimodzi cha sukulu yapafupi. Ayeze makoma, chitseko ndi mawindo, aziumbe m'mamita enieni, kenaka ajambule chipindacho ndi foni n'kuyerekeza ndi chithunzi chake. Pamene zasiyana ndi pamene pali phunziro. Zovekera zaulere za njerwa, matabwa ndi thambo zimapezeka pa tsamba la Poly Haven. Poika dzuwa, akumbukire kuti Malawi ali kummwera kwa equator, motero mu Juni ndi Julaye dzuwa la masana limakhala cha kumpoto. Wotengera maphunziro a ku Ulaya mosaganizira amaika mthunzi kumbali yolakwika.

Malire a chithunzi

Chithunzi chokongola sichitsimikizira kuti denga lidzapirira mphepo kapena kuti maziko adzalimba. Zimenezo ndi za akatswiri a zomangamanga, ndipo pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ndi imene imatsatidwa pomanga. Wojambulanso asaike matailosi, kapinga kapena mipanda imene mulibe mu ndondomeko ya ndalama, chifukwa akatero amalonjeza anthu zinthu zimene sadzaziona. Chithunzi choona chimapatsa komiti mpata wonena kuti chitseko chisunthidwe kapena khonde likulitsidwe pamene kusintha kukadali kosadula. Chimakhalanso mboni pa tsiku lolandira nyumbayo, pamene anthu a m'wodi angathe kuyerekeza chimene anavomereza ndi chimene chamangidwa.